Phazi Lili Kuti, Kafupi?

1. Galimoto ya alamu

Kafupi anali ndi chiphaso chatsopano choyendetsera galimoto, koma pakhomo panalibe amene ankalimbirana kukwera naye. Malamulo a pamsewu ankawadziwa onse. Vuto linali phazi lake. Mtsikanayu akaponda buleki ankaponda ngati akupha chinkhanira, ndipo onse m'galimotomo ankawerama osafuna.

"Iwe ukaimitsa galimoto ngakhale mano amasuntha m'kamwa," ankatero mkulu wake.

Dzina loti Kafupi analitengera msinkhu. Pampando uliwonse mapazi ake sankafika bwino pansi, choncho anazolowera kupinda mwendo umodzi n'kuukhalira, kaya pakudya, kaya powerenga.

Tsiku limeneli panalibe kusankha. Bambo ake ankatuluka m'chipatala cha maso. Diso lawo lamanzere linafa kalekale pangozi ya kuntchito, ndipo lamanja, lomwe linatsala lokha, linachita ng'ala mpaka madokotala analichita opaleshoni. Mkulu wake wa Kafupi anali ndi khanda lofiira. Mwamuna wa mkulu wakeyo, mwini galimoto, abwana ake anamukaniza kujomba. Ndiye makiyi anagwera m'manja mwa Kafupi.

M'mawa mlamu wakeyo anamukhazika pachiwongolero. Anakankhira mpando kutsogolo mpaka unafika pothera, koma Kafupi ankakhudzabe buleki ndi zala za kuphazi zokha. Mkulu wake anabweretsa pilo n'kumuikira kumsana, uku akuseka.

"Mlamu, siya kuyang'ana tinyali, yang'ana ine," anatero mwini galimoto. "Mabatani awa ali pachiwongolero ndi othandiza woyendetsa. Ukadina ili, galimoto imagwira liwiro limene wasankha, ndipo nambala yake imaoneka apa. Ikapeza inzake kutsogolo, imachepetsa yokha n'kumaitsatira. Yakutsogoloyo ikaima, nayo imaima. Ukayamba kuchoka pamzere wako, chiwongolero chimanjenjemera kukuchenjeza. Zonsezi n'zabwino, ine ndimazigwiritsa ntchito tsiku lililonse.

"Koma tamvetsa. Chinthuchi chili ngati thole lotsatira mchira wa make. Mchirawo ukachoka, chimathamangira nambala imene unachiuza poyamba, chifukwa sichiiwala. Galimoto yoti yaima kale pamsewu nthawi zina chimachedwa kuizindikira. Wilibala, njinga yotulukira pakati, munthu wogwa pansi, usachidalire. Ndiye ukalowa mumdipiti wa magalimoto, utsitse nambalayo kapena uchizimitse. Ndipo phazi lako lamanja likhale pamwamba pa buleki nthawi zonse. Woyendetsa ndiwe. Ichi n'chongokuthandiza."

"Ndamva, alamu."

"Wamva ndi makutu angati?"

"Onse awiri," anayankha Kafupi. Kunena zoona, khutu limodzi linali kale kuchipatala.

2. Mawu a dokotala

Chipatala cha maso chinali kunja kwa mzinda. Popita Kafupi sanakhudze batani lililonse. Anali yekha, ndiye akagwedezeka panalibe wodandaula.

Anapeza bambo ake atakhala pabedi, chikwama chili pamwendo. Anali munthu wa mapewa aakulu, amene anakalambira pachiwongolero cha malole a maulendo ataliatali. Padiso lamanja anawamatirapo chotchinga cha pulasitiki chokhala ndi timabowo.

"Ndiwe Kafupi? Tasuntha pang'ono," anatero. Kafupi anasuntha, ndipo iwo anaseka ngati mwana. "Ndakuona. Sindikuona nkhope, koma chithunzithunzi chako chadutsa. M'timabowomu mukulowa kuwala, mwana wanga. Mdzukulu wanga uja ndikamuona ndi maso, osati kungomupapasa."

Dokotala anali mayi wa imvi, wosataya mawu. Anamuyang'ana Kafupi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ulendo wa maso akewo sunali wautali.

"Ndiwe ukuwatenga? Tamvera bwino. Bala la m'disomu ndi laling'ono, koma silinagwirane. Asawerame, asanyamule cholemera, asalitikite ngakhale litayabwa bwanji. Koposa zonse, lisagundidwe ndi chilichonse. Anthu ena zikavuta timati tidalira diso linalo. Bambo akowa linalo palibe. Uyende nawo ngati wasenza chidebe chodzaza mpaka pakamwa. Akamva ululu wadzidzidzi, kapena kuwala kukachepa, mubwerere pompo. Musati tiona mawa."

Kafupi anagwedeza mutu. Anayang'ana pansi, pa phazi lake lamanja, ndipo analiopa.

3. Mdipiti

Pageti pa chipatala mlonda anakweza dzanja kuti aime. Kafupi anaponda buleki mosamala mmene akanathera, koma galimoto inadzukabe kumbuyo. Mutu wa bambo unagwedezeka, dzanja lawo n'kuthamangira kudiso.

"Pang'onopang'ono, mwana wanga," anatero mofatsa.

Mawu amenewo anamupweteka kuposa kukalipa. Atalowa mumsewu waukulu, womwe unali wopanda magalimoto ambiri, Kafupi anadina batani lija. Nambala yobiriwira ya 80 inayaka kutsogolo kwake. Galimoto inayenda myaa, osagwedezeka.

Koma msewu wa mzinda sukhalira kudzaza. Atayandikira mlatho wolowera m'tauni, anaona nyali zofiira zitandandalika mpaka kosaoneka. Asanaganize chochita, galimoto inayamba kuchepetsa yokha, mofewa, n'kukaima kumbuyo kwa basi yaikulu. Madzi a m'botolo limene bambo anagwira sanatakasike n'komwe.

Basi itasuntha, galimoto nayo inasuntha. Basi itaima, nayo inaima.

Kafupi anakumbukira kuti nambala ija imafunika kutsitsa. Anayang'ana mabatani aja, koma anali ambiri komanso ofanana. Anaopa kuti akadina lolakwika chinthucho chizima, ndipo buleki ibwerera kuphazi lake lija. Anaisiya nambalayo mmene inalili.

"Koma wasintha, iwe," anatero bambo patapita kanthawi. "Uku ndiye kuyendetsa. Ngakhale ine pa unyamata wanga sindinkaimitsa chonchi. Mkulu wako amangokunamizira."

Chiyambire kuphunzira galimoto, Kafupi anali asanamvepo mawu otere kuchokera kwa bambo ake. Anawameza ndi chimwemwe, ngakhale ankadziwa kuti sanali ake.

"Zikomo, bambo," anatero.

Dzuwa linakwera. Mdipiti unkayenda ngati nkhono. Njinga zamoto zinkalowa paliponse pamene papezeka mpata, ogulitsa madzi ankagogoda pamawindo, ndipo ena kumbuyo ankaliza mahutala ngati phokoso lingakulitse msewu. Utsi wa basi unkalowa m'galimoto ngakhale mawindo anali otseka.

Mwendo wamanja wa Kafupi unayamba kuwawa. Kuuyimika m'malere pamwamba pa buleki, chotambasula mpaka zala, sichinali chinthu chapafupi kwa munthu wa msinkhu wake. Katumba kanayamba kukoka. Anaupumitsa pansi. Kenako, monga ankachitira kunyumba, anaukweza, kuupinda, n'kuukhalira.

Galimoto sinadandaule. Inapitiriza kutsatira basi ija.

4. Funso la bambo

Bambo anapendeketsa mutu ngati munthu womvetsera mvula ikubwera patali.

"Kafupi."

"Bambo."

"Bwanji sindikumva phazi lako? Munthu akamayendetsa, mpando umalira, nsapato imakhudza chitsulo. Iwe uli zii ngati wokwera mnzanga."

"Lili pomwepo, bambo," anayankha msanga.

Bambo anapuma mozama. Basi inasuntha, galimoto n'kuitsatira.

"Mwana wanga, ine sindidana ndi zinthu zatsopano. Pamene ndinkayamba ntchito, chiwongolero tinkachikoka ndi mapewa, ndipo atabweretsa chofewa tinathokoza. Mlamu wako anandiuzapo za mabatani akewo, ndipo ndinati n'zanzeru. Koma mdipiti ndi malo oipa kuposa msewu wopanda kanthu, chifukwa umagoneka munthu maso ali chitsegulire. Umayang'ana msana wa galimoto yakutsogolo mpaka kuiwala kuti kutsogolo kwakeko kulinso dziko.

"Woyendetsa weniweni sayang'ana imene ili pamphuno pake yokha. Amasuzumira patali. Amadzifunsa kuti bwanji anthu aja akutembenukira kumodzi, bwanji njinga zonse zikupatukira mbali imodzi. Makina safunsa mafunso otero. Chakudza sichiyimba ng'oma. Ndaona anzanga odziwa ntchito atapha munthu pa liwiro loti nkhuku ikhoza kuwapitirira.

"Ndiye ngati wayatsa chinthucho, ndiuze. Sindikukalipira. Kundigwedeza pang'ono ndi phazi lako ndingapirire, ndigwira chotchingachi ndi dzanja. Chimene ndikuopa n'kukhala m'galimoto yopanda woyendetsa, ine wosaona."

Apa khomo linali lotsegula, ndipo bambo ndi amene analitsegula okha. Mawu awiri akanakwana. Koma Kafupi anakumbukira kuyamikira kuja, ndipo kukubweza kunamulemera. Paja akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Ndikuyendetsa ndekha, bambo," anatero.

Anayesa kusolola mwendo mwakachetechete. Sunamvere. Unali utachita dzanzi, wolemera ngati chipika. Mpando unalira pang'ono, ndipo iye analeka, kuopa kuti bambo amva. Anaganiza zoti aukoka bwino basi ikaimanso.

Akanakweza maso akanaona kuti njinga zamoto zonse zinali zikupatukira kumanja. Akanaonanso kuti nyali ya basi yosonyeza kukhota inali ikuphethira. Koma maso ake anali pa bondo lake.

5. Basi ipatuka

Bambo anatambasula dzanja, n'kupendekera kumene kunali mwana wawo. Lamba wa paphewa anatsetsereka n'kugwera pamkono. Dzanja lija linapapasa giya, linadutsa, ndipo linagwira bondo lopindika pampando.

"Phazi lili kuti, Kafupi?"

Nthawi yomweyo basi inakhotera kumanja.

Kutsogolo kunayera. Magalimoto onse anali atachoka kale mumzere umenewo, ndipo panatsala mtunda wopanda kanthu. Kumapeto kwake kunaima lole yowonongeka. Pamsewu anaikapo kachikwangwani kofiira kochenjeza, ndipo pansi pa loleyo panatulukira miyendo iwiri ya makanika amene ankaikonza.

Mchira unali utachoka. Galimoto inakumbukira nambala yake.

Injini inalira, ndipo Kafupi anamva mpando ukumukankha kumsana. Anakoka mwendo ndi manja onse awiri, chiwongolero atachisiya. Bondo linakodwa pansi pa chiwongolerocho. Atalimasula, phazi linagwera pansi ngati la munthu wina. Sankalimva. Sankadziwa ngati laponda buleki, mafuta kapena kapeti.

Kachikwangwani kaja kanaphwanyika pansi pa matayala. Galimoto inayamba kulira motsatizana, nyali yofiira ikuphethira. Lole inakula mpaka kudzaza galasi lonse. Miyendo iwiri ija inali pomwepo.

Kafupi anakweza phazi lamanzere, limene linali lisanakhudzepo buleki chibadwire, n'kuponda ndi mphamvu zake zonse.

Matayala anakuwa. Botolo la madzi linauluka. Ndipo kumanzere kwake kunamveka kugunda kumodzi, kosakweza, kwa nkhope ya munthu pa dashibodi.

Galimoto inaima. Pakati pa iyo ndi nsapato za makanika panatsala mpata woti galu sangadutse.

Makanika anakwawa n'kutuluka, sipanala ili m'manja. Anthu anaunjikana mosadziwika kumene achokera. Wina anamenya denga la galimoto ndi chikhatho.

"Ukufuna kupha anthu, mwana iwe? Anakupatsa makiyi ndani?"

Kafupi sanawamve. Anali akuyang'ana bambo ake, amene ankadzuka pang'onopang'ono, manja onse ali kumaso. Chotchinga chija chinali chitang'aluka pakati, pulasitala itamatuka mbali imodzi. Pa tsaya lawo pankatsika madzi ofiirira.

Makanika anasuzumira pawindo, ndipo mkwiyo unamuthera. Anatembenukira khamu lija.

"Tasiyani phokoso. Muli odwala umu."

"Bambo," anatero Kafupi. "Ndinanama. Ndinayatsa chinthu chija kuyambira kumsewu waukulu. Nambala sindinatsitse. Mwendo ndinaukhalira."

"Ndinadziwa," anayankha iwo. Mawu awo anali otsika, a munthu amene akulimbana ndi ululu. "Taona kaye, munthu wa kunjayo ali bwino?"

"Ali bwino."

"Tithokoze pamenepo. Chinthucho chazima?"

"Chazima."

"Phazi labwerera?"

Kafupi analigwedeza. Linkabaya ngati alowetsamo singano zambirimbiri, koma linali lakenso.

"Labwerera, bambo."

"Ndiye zolira usunge. Tembenuza galimoto. Dokotala uja anati pompo."

6. Kubwerera

Makanika anaima pakati pa msewu atatambasula manja ake amafuta, n'kuimitsa magalimoto a mbali zonse mpaka Kafupi anatembenuka. Sanafunse dzina lake.

Njira yobwerera nayo inali ndi mdipiti wake. Kafupi anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Mabatani aja sanawayang'anenso. Ankasuzumira patali, kupyola galimoto yakutsogolo, ndipo akaona nyali zofiira zikuyaka uko, ankayamba kutsitsa phazi nthawi idakalipo. Mwendo unkawawa kuposa poyamba. Anausiya uwawe.

M'chikwama foni inalira. Inali nyimbo imene anaikira mkulu wake. Inalira mpaka kuleka, kenako inayambanso. Kunyumba anali atayala kale bedi la bambo, ndipo khanda analiveka zoyera kuti agogo ake akalione.

Njira yonse bambo anakhala chowongoka, dzanja limodzi litaphimba chotchinga chong'alukacho. Nthawi ndi nthawi ankakukuta mano. Kafupi ankaopa kuwafunsa za diso.

Linali dzuwa la paliwombo. Linkawala pagalasi mpaka Kafupi anatsinzinira. Atayandikira geti la chipatala, anaimitsa galimoto mofewa, ndi phazi lake lomwe.

Bambo anachotsa dzanja kumaso n'kutembenuza mutu uku ndi uku.

"Ulendo uno wayendetsa ndiwe, ndamva," anatero. "Koma uziyatsa nyali kukada chonchi, mwana wanga. Anzako sangakuone."

Kafupi anayang'ana kunja. Mlonda wa pageti anali atatchinga maso ndi dzanja chifukwa cha dzuwa.

Kunali kosavuta kungoti chabwino, bambo, n'kukhudza kabatani kalikonse kuti amve kulira. Mawuwo anafika mpaka pamilomo. Koma bodza la tsiku limenelo linali litadya kale zokwanira.

"Bambo, sikunade," anatero. "Ndi masana."

Dzanja la bambo lalikulu lija linapapasa mpaka linapeza la mwana wawo, n'kuligwira zolimba. Kafupi anali asanaonepo bambo ake akuchita mantha.

Anamwino anawatenga pa njinga ya odwala, Kafupi akuthamanga pambali. Dokotala wa imvi uja anatuluka m'chipinda chake, anaona chotchinga chong'aluka, n'kuyang'ana Kafupi kamodzi kokha. Sanafunse chimene chachitika. Anawakhazika bambo pampando, anamatula pulasitala mosamala, ndipo anatulutsa katochi m'thumba la malaya ake oyera.

"Tsegulani pang'onopang'ono, bambo. Musaope."

Chikope chotupa chija chinatseguka. Dokotala anayatsa katochi n'kukalozetsa m'disomo.

"Tandiuzeni, mukuona chiyani?"

Kafupi anaima pakhomo, maso ali pa bambo ake. M'chikwama foni inayambanso kulira, ndipo bambo anali asanayankhebe.